Phunziro: Malo a Bala mu Ubongo ndi Vuto la Kusalabadira Mbali Imodzi kwa Wodwala Sitiroko

Tiyeni tiyambe ndi chinthu chimene ambiri amene anasamalirapo wodwala sitiroko anachiona ndi maso awo. Bambo ena agona m'chipatala masiku anayi chidwalireni. Akulankhula bwinobwino, akudziwa dzina lawo ndi la mudzi wawo, ndipo m'maso mwawo mulibe ng'ala kapena chilonda. Gadiyani wawabweretsera nsima ndi ndiwo m'mbale imodzi yaikulu. Bambowo akudya za kumanja kwa mbale zokha, kenako akudandaula kuti chakudya chachepa, pamene mtanda wathunthu uli chikhalire kumanzere. Gadiyani atembenuza mbaleyo, ndipo bambowo ayambanso kudya ngati kuti alandira chakudya chatsopano.

Achibale akaona zimenezi amaganiza kuti wodwalayo wachita khungu, ena amati wazungulira mutu, ndipo ena amamuona ngati wamakani. Phunziro lino likuonetsani kuti vutoli limachokera mu ubongo, ndiponso kuti malo amene sitiroko yawononga ndiwo amalongosola chifukwa chake vutoli labwera, mtundu wake, ndi nthawi imene lingakhalitse. Tiyenda m'magawo asanu ndi atatu, ndipo mawu aliwonse achilendo tiyamba tawatanthauzira tisanawagwiritse ntchito.

1. Mawu anayi oyenera kuwadziwa

Mawu oyamba ndi sitiroko, matenda amene ambiri amawatchula kuti kufa ziwalo. Sitiroko imachitika magazi akaleka kufika pamalo ena a ubongo. Mwa odwala pafupifupi 85 pa 100 alionse, mtsempha wa magazi umakhala utatsekeka. Mwa otsalawo, mtsempha umaphulika ndipo magazi amakhuthukira mu ubongo. Maselo a ubongo sasunga chakudya chawochawo, choncho akasowa magazi amayamba kufa pakangopita mphindi zochepa.

Mawu achiwiri ndi bala la mu ubongo. M'phunziro lino, bala ndi malo amene maselo afa chifukwa cha sitiroko. Bala limeneli silioneka kunja kwa mutu. Madokotala amaliona pogwiritsa ntchito makina ojambula m'kati mwa mutu otchedwa CT ndi MRI, amene amasonyeza kukula kwake ndi pamene lili.

Mawu achitatu ndi kulabadira. Mukakhala pamsika, maso anu amalandira zinthu zambirimbiri nthawi imodzi, ndipo makutu anu amalandira phokoso la mitundumitundu. Komabe maganizo anu amasankha chinthu chimodzi, monga mulu wa tomato umene mukufuna kugula, n'kuchiika patsogolo pa zina zonse. Ntchito yosankhayi ndiyo tikuitcha kulabadira. Kuona n'kwa maso ndi njira zake, pamene kulabadira n'kumene kumachititsa kuti chimene chaonedwacho chifike podziwika kwa mwini wake.

Mawu achinayi ndi kusalabadira mbali, vuto limene madokotala amalitcha spatial neglect m'Chingelezi. Ili ndi vuto limene munthu amalephera kuzindikira, kuyankha kapena kutembenukira ku zinthu za mbali imodzi, kawirikawiri ya kumanzere, ngakhale kuti maso, makutu ndi khungu lake zikhoza kukhala zikugwira ntchito. Dziwani kuti wodwala sachita zimenezi mwadala. Kwa iyeyo, mbali imeneyo yangosiya kukhalapo.

2. Mapu a ubongo

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndipo uli ndi matheka awiri, theka la kumanja ndi theka la kumanzere. Njira za minyewa zochokera mu ubongo zimapingasana popita m'thupi. Chifukwa cha ichi, theka la kumanja limayang'anira mbali ya kumanzere ya thupi ndi ya malo otizungulira, ndipo theka la kumanzere limayang'anira mbali ya kumanja. Gwiritsitsani lamulo limeneli, pakuti phunziro lonse laima pa ilo.

Kunja kwa ubongo kuli khungwa lotuwa, mmene mumakhala maselo ambiri ochita ntchito yoganiza, kumva ndi kulamula thupi. Khungwali ndi lokwinyika ngati munda wa mbatata, lili ndi mitumbira ndi timakwawa pakati pake. Mtumbira uliwonse madokotala amautcha gyrus, ndipo uli ndi dzina lakelake. Pansi pa khungwa pali mitolo ya ulusi woyera wa minyewa, imene imanyamula mauthenga kuchokera dera lina la ubongo kupita dera lina. Pakatikati penipeni pali timagulu ta maselo totchedwa basal ganglia ndi thalamus, tomwe timalandira mauthenga ndi kuwatumiza kukhungwa.

Theka lililonse lili ndi zigawo zinayi. Ikani dzanja pamphumi panu: kuseri kwake kuli chigawo cha frontal, chimene chimakonza zochita ndi kulamula mayendedwe. Sunthirani dzanjalo pamwamba pa mutu chakumbuyo: pamenepo pali chigawo cha parietal, chimene chimasonkhanitsa za kukhudza, kuona ndi kumva kuti munthu adziwe pamene iye ali ndi pamene zinthu zili. Cham'mbali, pafupi ndi khutu, pali chigawo cha temporal, chothandiza kumva, kuzindikira zinthu ndi kukumbukira. Kunkhongo kuli chigawo cha occipital, kumene mauthenga ochokera m'maso amafikira.

Magazi amafika m'zigawo zimenezi kudzera m'mitsempha ikuluikulu itatu pa theka lililonse: wakutsogolo, wapakati ndi wakumbuyo. Mtsempha wapakati, wotchedwa middle cerebral artery, ndiwo umatsekeka kawirikawiri kuposa inayo, ndipo umadyetsa mbali yaikulu ya zigawo za frontal, parietal ndi temporal. Odwala ambiri osalabadira mbali amakhala ndi bala m'dera la mtsempha umenewu, ku theka la kumanja.

3. Mmene vutoli limaonekera ndi mmene amalipimira

Pakhomo, wodwala amameta ndevu za tsaya lamanja lokha, amadzola mafuta mbali imodzi ya nkhope, kapena amavala mkono umodzi wa malaya. Poyenda amagunda phewa lamanzere pamphuthu za chitseko. Munthu akamulankhula ataima kumanzere, iye amayankha akuyang'ana kumanja. Powerenga amayambira pakati pa mzere, ndipo amadabwa kuti nkhaniyo sikumveka.

Kuchipatala amagwiritsa ntchito pepala ndi pensulo. Njira yoyamba ndi kugawa mzere: wodwala amapatsidwa mzere wopingasa n'kuuzidwa kuti alembe chizindikiro pakati pake, ndipo iye amalemba chakumanja kwambiri. Njira yachiwiri ndi kuchonga: pa mayeso amene Martin Albert anafalitsa mu 1973, timizere timamwazidwa papepala lonse ndipo wodwala amachonga ta kumanja tokha. Pa mayeso a mabelu a mu 1989, wodwala amafunafuna zithunzi za mabelu 35 zosakanizidwa ndi zithunzi zina. Njira yachitatu ndi kujambula wotchi: manambala onse amaunjikana kumanja, kapena a kumanzere amasiyidwa.

Tsopano tisiyanitse vutoli ndi khungu la theka, lotchedwa hemianopia, limene limabwera bala likagwera njira ya kuona kapena chigawo cha occipital. Munthu wa khungu la theka lokha nthawi zambiri amadziwa kuti mbali ina sakuiona, ndipo amatembenuza mutu kuti aione. Munthu wosalabadira mbali saganiza n'komwe zotembenuka, chifukwa sadziwa kuti pali chimene chikusowa. Mavuto awiriwa akhoza kupezeka mwa munthu mmodzi, koma magwero ake ndi osiyana.

Umboni wamphamvu wakuti vutoli si la maso unachokera ku Milan m'dziko la Italy mu 1978. Edoardo Bisiach ndi Claudio Luzzatti anapempha odwala awiri kuti ayerekeze m'maganizo kuti aima pabwalo lalikulu la mzindawo, Piazza del Duomo, akuyang'ana tchalitchi, ndipo atchule nyumba zimene akuzikumbukira. Odwalawo anatchula makamaka za kumanja kwawo. Atawauza kuti ayerekeze kuti aima pakhomo la tchalitchicho akuyang'ana kumene anaima poyamba, anatchula nyumba zija anazisiya, n'kusiya zimene anatchula kale. Nyumba zonse zinali m'chikumbukiro chawo, koma mbali ya kumanzere ya chithunzi cha m'maganizo inkatsalira nthawi zonse.

Mu 1988, John Marshall ndi Peter Halligan a ku Oxford anaonetsa mayi wina wodwala zithunzi ziwiri za nyumba, imodzi ikuyaka moto kumanzere kwake. Mayiyo ananena kuti nyumbazo n'zofanana. Koma atafunsidwa nyumba imene angakonde kukhalamo, nthawi zambiri ankasankha yosayakayo. Apa tikuphunzira kuti uthenga wa kumanzere umalowa ndithu mu ubongo, koma sufika poti mwini wake n'kuuzindikira.

4. Chifukwa chake theka la kumanja ndilo lofunika kwambiri

Kuyambira kalekale madokotala anaona kuti vutoli limatsata kwambiri mabala a theka la kumanja. John Hughlings Jackson wa ku London analongosola wodwala wotere mu 1876, ndipo Russell Brain analemba za odwala ena mu 1941. Kafukufuku wa odwala 1,281 amene John Ringman ndi anzake anafalitsa mu 2004 anapeza kuti m'masiku oyambirira, odwala 43 pa 100 alionse a bala la kumanja anali ndi vutoli, pamene a bala la kumanzere anali 20 pa 100 alionse. Patatha miyezi itatu, chiwerengero chinatsika kufika pa 17 kwa a bala la kumanja ndi 5 kwa a bala la kumanzere.

Kufotokoza koyamba kwa kusiyanaku kunachokera kwa Kenneth Heilman ndi Marsel Mesulam a ku America. Yerekezani munda wa chimanga umene uli ndi alonda awiri. Mlonda wina amalondera munda wonse, pamene mnzake amalondera chigawo cha kumanja chokha. Mlonda wa munda wonse ndiye theka la kumanja la ubongo, ndipo mnzakeyo ndiye theka la kumanzere, limene mwa anthu ambiri limatanganidwanso ndi ntchito ya chilankhulo. Theka la kumanzere likavulala, munda wonse umakhalabe ndi woulondera. Theka la kumanja likavulala, chigawo cha kumanzere cha munda chimatsala chopanda mlonda.

Kufotokoza kwachiwiri n'kwa Marcel Kinsbourne, amene anati matheka awiriwa amakokana. Theka lililonse limakankhira maganizo kumbali inayo, ndipo munthu wathanzi amayang'ana mowongoka chifukwa mphamvu ziwirizi zimalingana. Amene anayendetsapo ngolo akudziwa kuti ng'ombe ya kumanja ikafooka, ya kumanzere imatsogola ndipo ngolo imakhotera kumanja. Chimodzimodzinso, theka la kumanja likavulala, theka la kumanzere limakokera maso ndi mutu kumanja. Ndiye chifukwa chake wodwala wongodwala kumene amapezeka atatembenukira mbali imene kuli bala.

5. Malo amene akatswiri anawaloza

Funso lotsatira ndi lakuti: m'theka la kumanjalo, ndi pati penipeni? Pofuna kuyankha, akatswiri amatenga zithunzi za ubongo za odwala ambiri n'kuzisanjikiza, kuti aone malo amene awonongeka mwa amene ali ndi vutoli koma ali bwino mwa amene alibe. Njira imeneyi yaloza malo anayi.

Malo oyamba ndi kumunsi kwa chigawo cha parietal, pamene chimakumana ndi chigawo cha temporal. Mu 1986, Giuseppe Vallar ndi Daniela Perani a ku Milan anaunika zithunzi za CT za odwala 110 a sitiroko ya kumanja, ndipo anapeza kuti vutoli limayendera limodzi kwambiri ndi mabala a dera limeneli. M'derali muli mitumbira iwiri, angular gyrus ndi supramarginal gyrus. Mu 2003, Dominic Mort, Masud Husain ndi anzawo a ku London anagwiritsa ntchito MRI ndipo analoza angular gyrus mwa odwala a mtsempha wapakati. Mwa odwala a mtsempha wakumbuyo analoza dera lina la pansi pa chigawo cha temporal, lotchedwa parahippocampal.

Malo achiwiri ndi mtumbira wapamwamba wa chigawo cha temporal, wotchedwa superior temporal gyrus. Mu 2001, Hans-Otto Karnath ndi anzake a ku Tübingen m'dziko la Germany anasankha odwala osalabadira mbali amene analibe khungu la theka, ndipo anapeza kuti mabala awo ankakumana pa mtumbira umenewu. Zimenezi zinautsa mtsutso waukulu, chifukwa kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti vutoli ndi la chigawo cha parietal.

Malo achitatu ndi kumunsi kwa chigawo cha frontal. Mu 1996, Masud Husain ndi Christopher Kennard analongosola odwala amene mabala awo anali kutsogolo kokha, koma ankalephera kufunafuna zinthu kumanzere. Malo achinayi ndi timagulu ta m'kati tija, makamaka putamen ndi caudate za mu basal ganglia, ndi pulvinar ya mu thalamus. Argye Hillis ndi anzake a ku Baltimore anasonyeza kuti mwa odwala ambiri a mabala a m'kati, khungwa la pamwamba pake limakhala likulandira magazi ochepa ngakhale silinafe, ndipo magazi akabwerera vutoli limatha kuchepa.

Mwina mukufunsa kuti zinatheka bwanji kuti akatswiri akhama apeze mayankho osiyana. Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, sitiroko imatsata mitsempha ya magazi, choncho malo odyetsedwa ndi mtsempha umodzi amawonongekera limodzi, monga mmene madzi osefukira amagwetsera nyumba zonse za m'mbali mwa mtsinje. N'kovuta kudziwa kuti mwa malo owonongekawo, amene abweretsa vutoli ndi ati. Chachiwiri, akatswiri ankagwiritsa ntchito mayeso osiyana, ena kugawa mzere, ena kuchonga. Chachitatu, ena ankapima odwala m'sabata yoyamba, ena patapita miyezi.

6. Misewu ya m'kati mwa ubongo

Yankho limene limagwirizanitsa malo onsewa lili mu ulusi woyera uja. Kale mu 1981, Mesulam ananena kuti kulabadira si ntchito ya malo amodzi, koma ya madera angapo olumikizana: chigawo cha parietal chimasunga mapu a malo, chigawo cha frontal chimalamula maso ndi manja kuti afunefune, ndipo dera lotchedwa cingulate limauza munthu kuti chinthucho n'chofunika. Yerekezani misika itatu yolumikizidwa ndi msewu umodzi. Malonda akhoza kuima chifukwa msika umodzi wapsa. Akhozanso kuima misika yonse ili bwinobwino, ngati mlatho wa pamsewuwo wakokoloka.

Msewu waukulu pa nkhani yathu ndi mtolo wa ulusi wotchedwa superior longitudinal fasciculus, mwachidule SLF, umene umalumikiza chigawo cha parietal ndi cha frontal. Mu 2003, Fabrizio Doricchi ndi Francesco Tomaiuolo a ku Italy anapeza kuti mabala a odwala amene vutoli linawakhalitsa ankadula mtolo umenewu. Mu 2005, Michel Thiebaut de Schotten, Paolo Bartolomeo ndi anzawo a ku Paris anaonjezera umboni wooneka ndi maso. Odwala awiri ankachotsedwa zotupa mu ubongo ali maso, ndipo dokotala Hugues Duffau ankakhudza malo osiyanasiyana ndi mphamvu yochepa ya magetsi, imene imaimitsa ntchito ya malowo kwa masekondi ochepa. Pa nthawiyo odwalawo ankagawa mizere. Magetsi atakhudza supramarginal gyrus kapena kumbuyo kwa superior temporal gyrus, chizindikiro chinapendekera kumanja. Kupendekera kwakukulu koposa kunaoneka pamene magetsi anakhudza mtolo wa SLF mwa mmodzi wa odwalawo.

Maurizio Corbetta ndi Gordon Shulman a ku St. Louis anawonjezera mfundo ina. Iwo anasonyeza kuti mu ubongo muli magulu awiri a madera olabadira. Gulu lapamwamba lili m'matheka onse awiri, ndipo limaloza maso ndi maganizo kumene munthu wafuna. Gulu lam'munsi ndi lamphamvu ku theka la kumanja, ndipo limadzidzimutsa munthu kuti atembenukire ku chinthu chimene sanachiyembekezere. Sitiroko nthawi zambiri imawononga gulu lam'munsi, koma gulu lapamwamba nalonso limasokonekera ngakhale bala silinalikhudze. Phunziro lake n'lakuti kabala kakang'ono kogwera pamphambano ya misewu kangabweretse vuto lalikulu kuposa bala lalikulu logwera pambali.

7. Malo a bala ndi mitundu ya vutoli

Popeza madera olumikizanawa ali ndi ntchito zosiyana, kusalabadira mbali nakonso kuli ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umakonda kutsata malo ake. Mawu akuti umakonda ndi ofunika pano, chifukwa mabala ambiri ndi aakulu ndipo wodwala mmodzi amatha kukhala ndi mitundu ingapo.

Kusiyana koyamba kuli pakati pa kumanzere kwa munthu ndi kumanzere kwa chinthu. Ikani mbale ziwiri patebulo, ina kumanja ina kumanzere. Wodwala wa mtundu woyamba amadya zonse za m'mbale ya kumanja n'kusiya mbale yonse ya kumanzere. Wodwala wa mtundu wachiwiri amadya m'mbale zonse ziwiri, koma m'mbale iliyonse amasiya chigawo cha kumanzere. Mu 2005, Hillis ndi anzake anapeza kuti mtundu woyamba unkatsata kuchepa kwa magazi mu angular gyrus, ndipo wachiwiri unkatsata kuchepa kwa magazi mu superior temporal gyrus.

Kusiyana kwachiwiri kuli pakati pa kuzindikira ndi kufunafuna. Mu 2010, Vincent Verdon, Patrik Vuilleumier ndi anzawo a ku Geneva anapima odwala ndi mayeso ambiri n'kuwafananiza ndi zithunzi za ubongo. Kulephera kugawa mzere ndi kuwerenga kunkatsata mabala a kumunsi kwa parietal. Kulephera kufunafuna zinthu pakati pa zinzake kunkatsata mabala a frontal. Kusiya theka la chinthu chilichonse kunkatsata mabala a m'kati mwa temporal. Mabala odula mitolo ya ulusi ankabweretsa vuto lalikulu lokhudza mitundu yonse.

Kusiyana kwachitatu kuli pakati pa thupi la munthu ndi malo omuzungulira. Wodwala wina amaiwala mkono wake wamanzere koma amaona bwino za m'chipinda, pamene wina amasamba thupi lonse koma sapeza kapu imene ili kumanzere kwa tebulo. Giorgia Committeri ndi anzake a ku Italy anapeza mu 2007 kuti kusalabadira thupi kumatsata kwambiri mabala a kumunsi kwa parietal, ndipo kusalabadira malo kumatsata mabala a frontal ndi a pamwamba pa temporal. Palinso vuto lina loyenda nalo limodzi, limene Joseph Babinski analipatsa dzina lakuti anosognosia mu 1914, kutanthauza kusazindikira kuti ukudwala. Wodwala amatsimikiza kuti mkono wake uli bwino pamene sukugwira ntchito.

8. Kuchira, ndi zimene wosamalira wodwala angachite

Manambala a m'gawo lachinayi akutipatsa chiyembekezo, pakuti odwala ambiri amapezako bwino m'miyezi itatu yoyambirira. Kutupa kwa ubongo kumaphwa, magazi amabwerera m'malo amene sanafe, ndipo madera otsala amaphunzira kuthandizana. Vutoli limakonda kukhalitsa ngati bala ndi lalikulu, kapena ngati ladula misewu ya ulusi, kuphatikizapo mtolo wolumikiza matheka awiri wotchedwa corpus callosum. Anton Räderscheidt, katswiri wojambula zithunzi wa ku Cologne, anadwala sitiroko ya kumanja mu 1967 ndipo anapitiriza kujambula nkhope yake. Zithunzi zoyamba zinalibe mbali ya kumanzere, koma m'miyezi yotsatira mbaliyo inayamba kubwerera pang'onopang'ono.

Akatswiri olimbitsa ziwalo ali ndi njira zingapo. Amaphunzitsa wodwala kusesa ndi maso kuchokera kumanja mpaka kumapeto a kumanzere. Amalimbikitsa kugwedeza dzanja lamanzere likali kumbali ya kumanzere, chifukwa kutero kumadzutsa theka la kumanja. Mu 1998, Yves Rossetti ndi anzake a ku Lyon anayesa magalasi opendeketsa zinthu madigiri 10 kumanja. Wodwala amaloza zinthu atavala magalasiwo, ndipo akawavula dzanja ndi maganizo ake zimapendekera kumanzere kwa kanthawi. Njira zimenezi zimathandiza odwala mosiyanasiyana, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti mabala awo ali m'malo osiyana.

M'zipatala zathu ndi m'makomo mwathu, amene amakhala ndi wodwala usana ndi usiku ndi gadiyani, choncho malangizo otsatirawa ndi anu. Choyamba, tetezani wodwala: onani kuti mkono wamanzere sunapsinjike pogona, sunalendewere pa njinga ya olumala, ndipo suli pafupi ndi mbaula. Asawoloke msewu yekha, ndipo asayendetse njinga kapena galimoto dokotala asanamupime. Chachiwiri, onetsetsani kuti wadya mokwanira, ndipo tembenuzani mbale ngati pakufunika kutero. Chachitatu, muphunzitseni modekha: khalani chakumanzere kwake, mugwireni dzanja lamanzere pomulankhula, ndipo lembani mzere wofiira m'mphepete mwa kumanzere kwa tsamba kuti aziyamba waupeza asanawerenge. Chachinayi, musamukalipire. Kumuuza mokweza kuti ayang'ane kumanzere kumathandiza kwa mphindi yokha, pamene kubwereza mofatsa tsiku ndi tsiku ndiko kumamanga chizolowezi.

Pali chenjezo limodzi limene ndikufuna kuti mulisunge. Sitiroko ya theka la kumanja imachedwa kuzindikirika, chifukwa wodwala amalankhula bwino ndipo mwini wake amakana kuti akudwala. Mukaona munthu mwadzidzidzi akugunda zinthu za kumanzere, watembenukira kumanja osabwerera, kapena pakamwa papotoka, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale iye akunena kuti ali bwino. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti kuthamanga kwa magazi (BP) ndiko kumatsogolera pa zoyambitsa sitiroko kuno kwathu, ndipo HIV ikutsatira. Kupimitsa BP ndi kumwa mankhwala mokhulupirika ndiko kuteteza misewu ya mu ubongo imene taphunzira.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa khungu la theka ndi kusalabadira mbali.
2. Gwiritsani ntchito chitsanzo cha alonda awiri polongosola chifukwa chake bala la theka la kumanja limabweretsa vuto lalikulu.
3. Tchulani malo anayi amene akatswiri anawaloza, ndipo fotokozani mmene mtolo wa SLF umagwirizanitsira mayankho awo.
4. Wodwala akudya m'mbale zonse ziwiri koma akusiya chigawo cha kumanzere cha mbale iliyonse. Kodi ndi mtundu uti wa vutoli, ndipo umakonda kutsata chigawo chiti cha ubongo?

Mukamaliza kuyankha, bwererani kwa bambo aja a m'chipatala. Tsopano mukudziwa kuti bala lawo liyenera kuti lili ku theka la kumanja, m'dera la mtsempha wapakati, ndipo lawononga dera lina lolabadira kapena msewu wolumikiza maderawo. Mukudziwanso kuti mtanda wa nsima uja ukufika m'maso mwawo, koma sukufika poti iwo n'kuuzindikira. Choncho musawachotsere mbale n'kunena kuti akhuta. Kokani mpando, khalani kumanzere kwawo, gwirani dzanja lawo lamanzere, ndipo liperekezeni mofatsa mpaka likhudze m'mphepete mwa mbaleyo.